Nthutumba ya Eneless

Inu amene mwagwira tsaya mukuti zanu zada, pukutani misozi kaye mumve za Eneless.

Tsiku limene anatulutsidwa m'nyumba ku Salford, pafupi ndi Manchester, kunkagwa kamvula ka kuno kaja, kosamveka padenga koma kolowa m'mafupa. Katundu wake yense anakwana m'majumbo awiri akuda otayira zinyalala. Amene anamunyamulira majumbowo mpaka pakhomo anali mwamuna wake Thompson, namwino pachipatala chachikulu, mkulu wa mpingo, woimba besi m'kwaya. Anawaika pansi mwaulemu, chifukwa aneba ankaona.

"Mwana mumusiye," anatero Thompson. "Mukamugoneka pati? Pasiteji ya basi?"

Mwanayo anali Pempho, mtsikana wawo mmodzi yekhayo, wa zaka khumi ndi zitatu. Anaima pawindo la chipinda cham'mwamba, chipumi atachigunditsa pagalasi. Eneless anangomukwezera dzanja. Pomugoneka mwanayo panalibedi.

Mlandu wake unali wotani? Panalibe. Thompson anapeza mkazi wina wamng'ono mumpingo womwewo, ndipo mkaziyo anali woyembekezera. Basi.

Eneless anabwera kuno kutsatira mwamuna, Pempho ali kumsana. Zaka zonsezo sanagwirepo ntchito yolembedwa, chifukwa Thompson ankati mkazi wake sangasambitse nkhalamba za azungu iye ali moyo. Ndiye ankaphika. Ukwati wa Amalawi ku Manchester, Eneless. Maliro, Eneless. Chikondwerero cha ufulu mu Julaye, Eneless ali m'mapoto kuyambira m'mamawa, anzake akujambulitsa zithunzi.

Nanga anthu onse amene anadya mpunga wake aja anatani? Anamuimbira foni. "Pirirani mayi, banja ndi kupirira." Kupirira m'majumbo! Palibe ndi mmodzi yemwe amene anati bwerani mudzagone kwathu. Thompson ndiye ankaperekeza anthu kubwalo la ndege pagalimoto yake, ndiye ankadziwa kumene kwatuluka ntchito m'chipatala. Ndani akanadana ndi galimoto?

Anamutola ndi mlendo, Kangwa, mayi wa ku Zambia wosamalira okalamba ku Bolton, amene ankabwera kutchalitchiko mwa apo ndi apo. Anamugoneka pasofa. Poyamba anamusiya alire. Ataona kuti kulirako sikukutha, anamuvundukula bulangete.

"Ba Eneless, kulira kwakwana manje. Tiyeni kuboma tikadandaule, akupatseni mwana."

Eneless anakana. Ankaopa, monga amaopera ambiri kuno, kuti a boma akalowerera akhoza kutenga mwana n'kukamupereka kwa anthu achilendo, makamaka akaona kuti mayi ake akugona pasofa ya eni.

"Ndiye pezani chitseko chanu," anatero Kangwa. "Misozi siitsegula nyumba."

Mapepala okhalira m'dziko muno Eneless anali nawo abwinobwino. Chimene analibe ndi ntchito. Anayenda. Kunyumba zosamalira okalamba ankamufunsa kuti anagwirapo kuti, iye n'kunena kuti kunyumba. Ankamumwetulira, kumwetulira kosafika m'maso kuja, n'kumuuza kuti amuimbira. Foni yake sinalire.

Masana ankakwera sitima kupita ku Salford kukaima kutsidya kwa msewu ana akuweruka, kuti angoona Pempho akudutsa. Thompson anali ataletsa mwanayo kuyankhula naye. Mayi wobereka, kuonera mwana wake patali ngati mbala!

Tsiku lina mvula inamuthamangitsira pakhomo lakuseri kwa nyumba ina yodyera. Pamenepo panali nkhalamba yaifupi, ya imvi, ikulimbana ndi bokosi la nkhuku zososola kale. Eneless sanafunse. Anagwira mbali ina n'kulowa nalo. M'khitchini anapezamo mapoto aatali ngati migolo, osatsuka. Anapinda manja a juzi nayamba kukwecha. Nkhalambayo inamuyang'ana mpaka poto loyamba linawala.

"Mawa ubwere," inatero.

Amenewo anali a Okabe, Mjapani, eni ake malowo. Chingerezi cha onse awiri chinali chotsimphina, ndiye ankamvana bwino.

Malo otere amawatchula kuti izakaya. Ndi kumene anthu a ku Japan amapita akaweruka kuntchito, kukadya ndi kumwa pang'ono. Chakudya sichibwera mulu m'mbale imodzi ayi. Chimabwera m'timbale ting'onoting'ono: apa soya wophikira m'makoko wowaza mchere, apa tinkhaka, apa kanyenya wa nkhuku wotunga patimitengo. Chachikulu chake ndi rameni, mbale yakuya ya msuzi wa mafupa, m'kati mwake muli zingwe zazitali za ufa watirigu zonga supageti, pamwamba pali dzira lodula pakati ndi anyezi wamasamba.

Tsiku loyamba Eneless anangoti kukamwa yasa. Anthu akuluakulu, amatayi awo, ankakoka zingwezo ndi milomo kuti fyuuu, nyumba yonse phokoso. Kwathu mwana akadya choncho amalandira khofi. A Okabe anamuuza kuti phokosolo ndiye kuthokoza wophika. Mowa unalipo, tisanamizane. Eneless, mayi wa Mvano, ankadutsa pafupi ndi mabotolowo atayang'ana kumbali.

Pasanapite nthawi analakwitsa, ndipo analakwitsa ndi mtima wabwino. Anatsegula firiji napeza mazira odzaza beseni, atanyikidwa mumsuzi wakuda. Anadula limodzi. Chachikasu cham'kati chinali chikuyenderera.

"Kalanga ine, agogowa aiwala kuphika mazira. Adwalitsa anthu."

Anawathira onse m'poto n'kuwawiritsa mpaka analimba gwa, ngati mazira ogulitsa pawindo la basi.

A Okabe atafika anagwira kumutu. Mazirawo anali atawakonza dzulo lake, ndipo kufewako ndiye ulemu wake wa rameni. Anakalipa m'Chijapani, anakalipa m'Chingerezi. Tsiku limenelo rameni anagulitsidwa wopanda dzira, makasitomala akung'ung'udza.

Eneless anafika ku Bolton maso ali psuu.

"Sindibwererako. Andichotsa basi."

Kangwa anaseka mpaka kukhala pansi. "Mwawaphikira mazira a ulendo wa ku Chipata! Koma akuchotsani? Akamba na pakamwa pao?"

"Sananene."

"Ndiye mailo muyenda. Manyazi sangakubweretsereni Pempho."

M'mawa mwake anapita. Anafika chitseko chisanatsegulidwe, naima pamvula atanyamula mazira amene anagula yekha.

"Ndiphunzitseni," anatero.

A Okabe anayang'ana mazirawo, nayang'ana iye, natsegula chitseko. Eneless anawononga ambiri asanapeze kafewedwe kake. Koma anakapeza.

Atamukhulupirira anamupatsa ntchito yotumbula ndi kudula nkhuku, zomwe zinkachokera kufamu zam'kati zili momwemo. Pamalo pamenepo nkhuku siitayidwa kanthu. Chikopa, mitima, ziwindi, zonse zimaotchedwa. Mafupa amawira tsiku lathunthu mpaka msuzi kuyera ngati mkaka. Zimenezi Eneless anazikonda. Koma nthutumba ankaziika pambali, m'kambale koyera, n'kukazipereka kwa a Okabe ndi manja awiri, bondo atapinda pang'ono.

Tsiku loyamba a Okabe anangodabwa n'kuzibwezera m'firiji. Tsiku lachiwiri anafunsa.

"Ukundipatsiranji ine?"

"Ndi zanu, bwana. Nthutumba ndi ya mwini nyumba."

Anawafotokozera. Kwathu ukapha nkhuku, nthutumba ndi ya bambo, kapena ya mlendo wolemekezeka. Ikasowa m'mbale, mkazi ali ndi mlandu. Kuno nkhuku za m'sitolo zimabwera zopanda zam'kati, ndiye zaka zonse zija iye ankakwera basi kukafuna nkhuku yolimba kubutchala ya Amwenye, kuti Thompson asasowe nthutumba yake.

"Nanga iwe umadya liti?" anafunsa a Okabe.

Eneless anaganiza. Kwa makolo ake inali ya bambo ake. Kubanja inali ya Thompson. Mayi wa zaka makumi anayi, amene manja ake anatsuka nthutumba zosawerengeka, sankadziwa kukoma kwake.

A Okabe anatenga nthutumba zija. Anatunga zingapo pakamtengo, anawaza mchere, anaziika pamakala. Zitapsa anamupatsa.

"Pano amadya ndi amene wafuna. Idya."

Anadya ataimirira pafupi ndi sinki. Inali yolimbirako pang'ono, yonunkhira utsi. Koma chimene chinamubwerera mumtima sichinali chisangalalo. Unali mkwiyo. Kanthu kakang'ono ngati aka ndi kamene anamumana moyo wake wonse, iye n'kumavomereza, bondo lili lopinda?

Kuyambira tsiku limenelo anapempha kuima pamoto. Makala ankawadziwa kuyambira pambaula ya amayi ake ku Lunzu, koma kaotchedwe aka kanali kena: osapsereza, osaumitsa, kutembenuza timitengo msangamsanga. Zala zinachita matuza. Utsi unamufiiritsa maso. Kanyenya woyamba a Okabe anamubweza kuti wauma ngati chikopa cha ng'oma. Wachiwiri chimodzimodzi. Sanasiye. Chaka chisanathe, makasitomala ankasankha dala mipando yoyang'anizana ndi moto kuti azimuona akuotcha.

Nkhani inafika kumpingo itavala nsapato zina. "Eneless akugwira ntchito kubala." Amayi a Mvano anamutumizira uthenga kuti yunifolomu aiike kaye m'sutikesi. Kuti amene anamuonayo analowamo kudzatani, palibe anafunsa. Thompson, wolowetsa mkazi wachiwiri m'nyumba, anangomuimitsa miyezi ingapo, kenako anabwerera kukwaya, besi ili yomweyo.

Eneless anapitiriza ntchito yake. Maso ake anali pa Pempho. Akamuona pamsewu wa kusukulu, mwanayo anali akuonda, ndipo masiku ena sankaoneka n'komwe.

Potsiriza anapeza kanyumba ka zipinda ziwiri pamwamba pa shopu ina ku Salford komweko. Chipinda chachiwiri anaikamo bedi, napachika makatani achikasu, mtundu umene Pempho ankaukonda. Kenako anapita kwa a Overtone, bambo wachikulire wa mumpingo amene ankaimira ngati nkhoswe ya banjalo, popeza ankhoswe enieni ali kumudzi.

"Bambo, chitseko ndapeza. Ndikufuna mwana wanga."

A Overtone anali munthu wabwino koma woopa phokoso. Anakauza Thompson mwamantha. Thompson anaseka.

"Mwana wanga akaleredwe ndi mkazi wa kubala? Tiyeni komweko, madala. Titenge ndi Pempho yemwe, akadzionere yekha pamene amayi ake afika."

Anabwera Lamulungu chakumadzulo, atavala masuti a kutchalitchi. Thompson ankayembekeza kupeza zidakwa zikugwa m'mipando. Anapeza ana a ku yunivesite, banja lina lili ndi khanda, ndi anamwino atatu a kuchipatala kwake komwe, amene anamukwezera manja mosangalala.

Eneless anachoka pamoto atavala epuloni yakuda. Pempho tsopano anali ndi zaka khumi ndi zisanu, atatalika kuposa amayi ake. Eneless anamugwira manja. Anali okhakhala ngati a munthu wamkulu. Anawakhazika pansi nayamba kubweretsa timbale.

A Overtone analimbana ndi timitengo todyera mpaka anapempha foloko. Rameni atabwera anayamba mwaulemu, pang'onopang'ono. Kenako anayang'ana uku ndi uku, naona kuti aliyense akutero, nawonso anakoka kuti fyuuu.

"Msuzi uwu waphika ndani?"

"Ndine, bambo. Ndi mafupa amenewo."

"Mafupa okha?"

"Mafupa ndi nthawi."

Thompson sanakhudze kanthu. Analoza mabotolo. "Mukuona, madala? Mowa uwo."

"Ulipo," anayankha Eneless. "Ine sindimwa. Ine ndimaotcha nkhuku."

Anabwerera pamoto, nabwera ndi kambale komaliza. Panali timitengo tiwiri ta nthutumba, zikadali kulira mafuta. Dzanja la Thompson linanyamuka lokha, mwachizolowezi cha zaka zonse zija. Eneless analidutsa. Anadutsanso a Overtone. Kambaleko anakaika pamaso pa Pempho.



"Mwaiwala mwambo, mayi a Pempho?" anatero Thompson, dzanja lili m'malere.

"Sindinaiwale, bambo a Pempho. Ndinkakupatsani zaka zonse, bondo nditapinda. Munadya, munakhuta, n'kundiikira zovala m'majumbo. Izi ndatumbula ndine, ndaotcha ndine. Adye mwana wanga."

Pempho anayang'ana bambo ake. Anayang'ana kambaleko. Kenako anatenga kamtengo n'kuluma. Anatafuna nthawi yaitali. Atameza anayankhula m'Chingerezi, monga amachitira ana okulira kuno, koma onse anamva bwino.

"Kunyumba nthutumba za adadi ndimatsuka ndine. Anti amati ndisalawe. Ndimaphika, ndimachapa, ndimalera mwana wawo. Lachisanu sindipita kusukulu chifukwa anti amakhala ali kuntchito."

A Overtone anaika foloko pansi.

"Thompson, n'zoona?"

"Madala, mwana wamkazi ayenera kuphunzira ntchito zapakhomo, ndipo..."

"Ndafunsa ngati n'zoona."

Besi ija sinatuluke.

A Overtone anapukuta pakamwa ndi mpango, natembenukira kwa mtsikanayo.

"Mwana wanga, wakula iwe. Ukufuna kukhala kuti?"

Pempho anayankha m'Chichewa chake chopunduka, chimene amayi ake anali asanachimve kwa zaka. "Kwa amayi."

Thompson anaimirira, mpando kugwa chagada. "Tikakumana kukhoti."

"Pitani," anatero Eneless, osakweza mawu. "Kale ndinkaopa a boma. Lero ndili ndi chitseko, ndili ndi ntchito, ndipo mwana ali ndi pakamwa. Mukakafika mukawafotokozerenso za Lachisanu."

Thompson anayang'ana anamwino anzake aja, amene anali atasiya kudya. Anadzutsa mpando mwaulemu, chifukwa anthu ankaona, navala chikhothi natuluka. Kukhoti sanapiteko. Tsiku lotsatira a Overtone ananyamula okha katundu wa Pempho kukwera naye masitepe a kanyumba kaja. Anali m'sutikesi, osati m'majumbo.

Lero mukapita pa izakaya imeneyo mukamupeza Eneless pamoto. Msuzi ndi makala zonse akuyang'anira ndiye, a Okabe msana ukawavuta amangokhala pampando n'kumalawa. Pempho anamaliza sekondale bwinobwino, ali kukoleji, ndipo Lachisanu sajomba. Amayi a Mvano anatumiza uthenga kuti yunifolomu akhoza kuyambanso kuvala. Uthengawo unafika sabata yomwe ankasowa wophika paukwati wina. Eneless anawathokoza, nawauza kuti Loweruka amakhala ali kuntchito.

Tsono inu amene mwaponyeredwa majumbo pakhomo, inu amene akuuzani kuti pirirani iwo akudya, imvani. Amati sunga khosi mkanda woyera udzavala, n'zoona, koma mkandawo suyenda wokha kudzakupezani pasofa. Dzukani. Gwirani mbali ya bokosi limene mwalipeza. Mukawiritsa mazira molakwika, mawa bwereraniko ndi ena. Anthu adzanena, asiyeni anene, pakamwa pawo sipadzakulererani mwana. Mafupa amene ena ataya ndi omwe amatulutsa msuzi, bola moto usazime.

Osataya mtima. Nthutumba yanu ilipo, koma musadikire kuti wina akupatseni. Kaotcheni nokha.